Manja a Wometa Nkhosa

"Ndakufunsani funso limodzi lokha, adadi. Mabala awa achokera kuti?"

Bronwyn anali atagwira mkono wa mayi ake, ataukweza m'mwamba ngati wapeza katundu wakuba pansi pa bedi. Juzi anali ataikwinyira mpaka paphewa. Khungu la mayiyo, Glenys, linali mbuu, lofundukafunduka, lodzaza timizere tofiira, ndipo chapamwamba pa chigongono panali banga lakuda, lalikulu ngati chivundikiro cha botolo la jamu.

"Tsitsa mkono wa mayi ako, ukuwapweteka," anatero Vern, bambo ake, osacheuka. Anali atagwada pachitofu cha nkhuni, akusonkhezera moto.

"Ine? Ine ndiye ndikuwapweteka?"

"Ndinakuuza dzulo utangofika, ndakuuzanso m'mawa uno. Anaterereka potuluka m'bafa, ine n'kuwawakha. Unkafuna ndiwasiye akamenyetse mutu pansi? Mapiritsi amene akumwa chidwalireni sitiroko ija amasungunula magazi. Kungowagwira molimba pang'ono, pathimbirira. Kafunse adokotala awo."

"Chabwino, bangalo ndi la m'bafa. Nanga zokalikakalikazi? Mikono yonse, miyendo, msana. M'nyumba muno muli mphaka?"

 Vern anatseka kachitseko ka chitofu n'kuyang'ana manja ake. Zaka zoposa makumi anayi anameta nkhosa m'mashedi ometeramo a dziko lonseli, ndipo zaka zonsezo manja akewo anali ofewa kuposa a mkwatibwi, paja ubweya wa nkhosa uli ndi mafuta akeake amene amalowa m'khungu la wometa tsiku lonse. Koma chipumireni pantchito, chisanu cha kumapiri a Monaro chinawasandutsa makungwa. Ming'alu m'zala zonse, ina yotuluka timagazi, m'mphepete mwake mokuthwa ngati tupa. M'mawa ndi madzulo ankadzoza mkazi wake mafuta a kusitolo kuti khungu lileke kuyabwa, ndipo podzozapo manja omwewo ankamukala. Ankadziwa. Kunena ndiye kunkamuchititsa manyazi.

"Ndi manja angawa," anatero pomaliza. "Ndikamawadzoza mafuta."

"Mwavomera."

"Sindinavomere zimene ukuganizazo, iwe Bron."

"Ndimakudziwani, adadi. Ndinali mwana, koma sindinali wogontha. Mukabwerako kumashedi mutakhuta mowa, mbale zinkalira m'nyumba muno."

"Mbale zinkalira, inde. Pakamwa panga panali poipa, inde. Koma mayi ako sindinawakwezerepo dzanja, ndipo mowa ndinausiya iwe usanamalize sukulu. Afunse, si awa ali apa?"

Glenys anali pampando wake wa pawindo, bulangete m'miyendo, mkono wamanja uli lende. Anatsegula pakamwa. Masiku amenewo mawu ankamubwerera movutikira, limodzilimodzi, ngati madontho a pampope woti madzi atha.

"Vern... a... ama..."

"Amakupwetekani, eti amami? Musaope, ndabwera ine."

"Adikire amalize!" Vern anakuwa, ndipo kukuwako kunamutsutsa yekha. Glenys anadzidzimuka n'kutseka pakamwa. Bronwyn anagwedeza mutu ngati munthu woti waona chimene amachiyembekezera.

"Zithunzi ndatumiza kale ku ofesi yoona za okalamba. M'mawa womwe uno. Akuti munthu wawo afika pakatha masabata atatu, chifukwa kuno n'kutali ndipo iwo alipo ochepa. Akadzaona yekha, amami apita kunyumba yosamalira okalamba ku Canberra, pafupi ndi ine. Malo ndafunsa kale."

"Wafunsa ndani? Eni akewa wawafunsa?"

"Kuntchito ndapempha tchuthi. Ndikhala pano mpaka tsikulo. Kuyambira lero kusambitsa ndi kwanga, kudzoza ndi kwanga, kudyetsa ndi kwanga. Inu musawakhudze. Muzigona kuchipinda chakuseri."

 M'khitchinimo mphika wachitsulo, umene Vern anautereka kunja kusanayere, unkangoti bwata, bwata, osafulumira. Vern anadzuka mawondo akulira, anakulunga kansalu m'dzanja, n'kuukankhira mphikawo kumphepete kwa chitofu monga ankachitira nthawi ngati imeneyo tsiku lililonse. Msuzi unatayikira pachitsulo chamoto n'kuti tswii.

Kunena zoona, Bronwyn sanali mwana woipa. Anali mwana wachangu. M'mawa mwake anathamangira kutauni ya Bombala n'kubwerako ndi mahita awiri a magetsi otenthetsa m'nyumba, sopo wonunkhira maluwa, ndi mulu wa zakudya za m'mapaketi zongotenthetsa mphindi zitatu. Kapoto kamadzi kamene Vern ankasiya pachitofu kuti nthunzi izinyowetsako mpweya wa m'nyumba anakachotsa, akuti kangawotche munthu. Mphika wachitsulo uja anaukwecha ndi sopo n'kuukweza pamwamba pa kabati.

"Nyama yophika maola asanu ndi atatu, adadi? Mukuphika nsapato?"

"Mayi ako amatafunira mbali imodzi. Nyama ya m'khosi mwa nkhosa imafuna tsiku lonse, moto waung'ono, mpaka izichoka yokha pafupa. Uikemo balele ndi dzungu. Imeneyo ndiye amameza osatsamwa."

"Izi ndagulazi anazipangira odwala. Zalembedwa papaketipa."

"Paketi sinawaonepo mayi ako akumeza. Komanso usamawasambitse tsiku ndi tsiku ndi madzi otentha chonchi, nyengo ino ndi youma. Kawiri pa sabata, madzi ofunda, sopo pang'ono. Masiku enawo ungowapukuta ndi kansalu."

"Kawiri pa sabata! Munthu wamkulu, mayi wanga, kawiri pa sabata! Zimenezinso ndilemba."

Ndipo anazilembadi pafoni, bambo ake akuona.

Lachisanu Vern analiza kagalimoto kake kakale n'kupita kutauni. Kubutchala, mayi wogulitsa amene ankamusungira makosi a nkhosa sabata iliyonse, amene ankakonda kumunena kuti ndiye mwamuna yekhayo m'boma lonse wodziwa kusenda anyezi, tsiku limenelo sanamuyang'ane kumaso. Anakulunga nyama, anaikankhira pakauntala, n'kuitana wotsatira. Azimayi awiri amene ankacheza pakhomo anadula nkhani yawo pakati, n'kumupatukira kwambiri kuposa mmene munthu amapatukira. Pamenepo Vern anadziwa. Bronwyn anali atakaonetsa zithunzi zija kogulitsira mankhwala, kufunsa ngati mabala otere amabwera okha, ndipo m'tauni yaing'ono chonchi mawu olankhulira pakauntala amafika kumapeto kwa msewu mwini wake asanakwere galimoto.

Sanabwerere kunyumba. Anakhotera kufamu ya Athol Brophy, mnzake wakalekale, amene nkhosa zake anazimeta zaka makumi awiri. Anamupeza akuponyera nkhosa udzu wouma, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.

"Eee, katswiri wa nkhonya wafika!" Athol anafuula. "Mdala iwe, ndamva wayamba masewera ukalamba uno. Ndi mawondo akowo? Glenys akhoza kukugwetsa ndi dzanja limodzi latsalalo."

Vern sanaseke. Athol anaika pansi foloko yake yoponyera udzu.

"Ndangocheza, mnzanga. Lowa, ndiwiritse tiyi."

"Tiyi ayi. Ndikufuna ubweya."

"Ubweya mwezi wa Julayi uno? Kumeta ndi Okutobala. Ukalamba wakulowa m'mutu?"

"M'shedi mwakomo simusowa thumba la ubweya wa kumimba. Umaumira nawo chaka chilichonse, mpaka makoswe amange nyumba zosanja. Wosachapa, wa mafuta ambiri. Umenewo."

Anamuonetsa manja. Athol anawatembenuza uku ndi uku ngati akuyesa ziboda za nkhosa yodwala, n'kuimba kaluzu.

"Amenewa ndi manja kapena ndi sandipepa yopalira matabwa? Ndiye ukudzoza Glenys ndi zimenezi?"

"Ndinkayesa mafuta a kusitolo aja afewetsa ine ndi iye yemwe. Sakulowa. Amangoyandama pamwamba."

"Ndamva wa ku ofesi afika pakatha masabata atatu. Akwana?"

"Kushedi ankakwana awiri. Sabata yoyamba ming'alu inkatseka, yachiwiri umatha kusisita mwana wakhanda."

"Ndi pamene unkadula makutu a nkhosa zanga, manja atafewa chonchotu."

"Makutuwo ankadzilowetsa okha. Nkhosa zimatengera mwini wake, kusamva."

Athol anaseka, analowa m'shedi n'kutulukamo ndi thumba lonunkha khola. Analiponya kumbuyo kwa kagalimoto, koma dzanja sanalichotsepo msanga. Anayang'ana kumapiri, anayang'ana nsapato zake.

"Vern, ndikufunse kamodzi kokha, monga mnzako. Munthu umatopa, zaka zitatu kunyamula munthu usana ndi usiku. Ine ndikudziwa, mkazi wanga ndinadwazika. Sunatero, eti?"



"Nawenso, Athol?"

"Ndangofunsa."

"Wafunsa, ndamva."

Analiza galimoto. Zakubutchala zija zinamuwawa, koma izi zinamulowa m'mafupa.

Kuyambira tsiku limenelo, mkuluyu anali ndi ntchito yake. M'mawa akasonkha moto, ankatenga chidutswa cha ubweya, kuchiwotha pambali pa chitofu mpaka mafuta asungunuke, kenako n'kukhala pakampando ka pakhonde lakuseri, kukanya, kupotokola, kulowetsa pakati pa zala, ngati mayi wokanya buledi. Masana chimodzimodzi, madzulo chimodzimodzi. Masiku oyamba mafutawo ankaluma m'ming'alu ngati mchere. Pogona ankavala masokosi akale m'manja, ubweya uli mkati.

"Nyumba yonse ikununkha nkhosa," Bronwyn anadandaula. "Mlendo wa ku ofesi uja adzati chiyani?"

"Adzati wafika kunyumba ya wometa nkhosa. Fungo limeneli ndi limene linakulera iwe."

Koma zimene zinkamudya mtima Vern zinali za pawindo paja. Mahita awiri aja ankayaka usana wonse, mpweya wa m'nyumba unauma gwa, moti ngakhale iye milomo inkamung'aluka. Glenys, wosambitsidwa ndi madzi otentha m'mawa uliwonse, anayamba kudzikanda. Dzanja lamanzere lija silinkapuma: m'khosi, m'miyendo, pamkono wakufa uja. Bulangete linkadzaza tizikungu toyera ngati gaga. Chakudya cha m'mapaketi ankangolawa masupuni awiri, lachitatu n'kutembenuzira nkhope kuwindo. Masaya anayamba kulowa. Vern ankaimirira pakhomo la khitchini, phazi limodzi mkati, lina kunja, ngati mlendo wosalandiridwa, ndipo mkazi wake ankamuyang'ana ndi maso ofunsa kuti, nanga iwe walowa kuti?

Sabata yachiwiri itatha, Bronwyn anatulukira pakhonde lakuseri maso ali psuu.

"Munalowa kuchipinda kwa amami?"

"Chitseko umakiya wekha. Kiyi umagona naye."

"Ali ndi mabala atsopano m'ntchafu. Akutuluka magazi."

"Ndiye ndalowera padenga? Masiku khumi ndi anayi sindinawakhudze ngakhale chala. Mabala akuchuluka kapena akuchepa? Tandiyankha, iwe wophunzira."

"Musandinyoze, adadi."

"Sindikukunyoza. Ndikuti ayang'ane zikhadabo. Akudzikanda okha. Wawaumitsa ngati nyama yofutsa, ndi mahita akowo ndi sopo wamaluwa. Nanga adya liti chakudya chenicheni? Siketi ija ikuwavuka."

"Akukana kudya chifukwa ali ndi mantha! Munthu wozunzidwa amatero, ndawerenga."

"Wawerenga. Ine zaka zitatu ndakhala ndikuwerenga nkhope imeneyi m'mawa uliwonse. Iwe umabwera pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, ndi maluwa, masiku awiri n'kubwerera. Sindikukudzudzula, uli ndi moyo wako. Koma sunandifunsepo ngakhale kamodzi kuti adadi, mumawadzutsa bwanji pampando, mumawamwetsa bwanji madzi osatsamwa. Wangofika n'kujambula."

"Mukanakhala inu, mukanapeza mayi anu ali choncho, mukanatani?"

 Vern anapotokola ubweya uja kangapo.

"Ndikanakwiya," anatero. "Koma ndikanadikira amalize kulankhula."

Bronwyn analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Madzulo ake Vern anamuona akuwenga zikhadabo za mayi ake, ndipo hita imodzi inali itazimitsidwa. Za ku Canberra sanasinthe. Pafoni ankamvekabe akufunsa za chipinda cha pansi, choyang'ana kumaluwa, ndipo masutikesi awiri anali atatsika kale pamwamba pa wadirobu.

Tsiku la mlendo linali Lachitatu, nthawi ya thu koloko masana. Vern anadzuka chisanu chili mbee paudzu. Anakwera pampando, anatsitsa mphika wake, anaupaka mafuta a nyama mkati kuti uiwale sopo uja. Makosi a nkhosa anawakazinga kaye mpaka afiire mbali zonse, kenako anyezi, karoti, balele wodzaza dzanja, madzi ongomiza nyama basi. Dzungu analisiya pambali, limalowa mochedwa. Anavundikira n'kuchepetsa moto.

"Ndinati chiyani za mphika umenewo?" Bronwyn anafunsa ali pakhomo.

"Unati ndisawakhudze. Kuphika si kukhudza. Ngati lero ndi lomaliza m'nyumba mwawo, achoke atadya."

 Bronwyn anapita kukatenthetsa madzi osamba. Ankafuna mlendo apeze mayi ake ali aukhondo, atavala bulauzi ya silika ndi juzi yobiriwira, tsitsi litapesedwa bwino.

Cha m'ma teni koloko Vern anamva phokoso kubafa. Kampando kapulasitiki kanakhuluzika pansi, kenako kulira kwa Glenys, kwakufupi, ngati kwa kamwana ka nkhosa kopanidwa pachipata. Anathamanga mmene mawondo akanalolera, n'kuima pachitseko.

"Ndilowe?"

Zii.

"Bron, ndilowe?"

"Adadi, bwerani! Akundipulumuka!"

Anawapeza Glenys atalendewera pakati pa kampando ndi pansi, thupi lonse lili tereretere ndi sopo, Bronwyn atamukanyanga mkono wamanzere ndi mphamvu zake zonse, akukokera m'mwamba.

"Siya mkonowo. Siya, ndawagwira."

Vern anatenga thaulo, analizunguliza kumsana kwa mkazi wake pansi pa makhwapa, anagunditsa mawondo ake pa mawondo a mkaziyo, n'kutsamira kumbuyo pang'onopang'ono. Glenys anadzuka yekha ngati wopanda kulemera, mutu n'kuutsamiritsa pachifuwa cha mwamuna wake.

"Nkhosa sitigwira ndi zala," Vern anatero motsitsa, osayang'ana mwana wake. "Ukaikoka ubweya, mawa khungu lathimbirira. Umaitsamiritsa pamiyendo, kulemera kwake komwe n'kumene kumakuthandiza. Tsiku lija ndinalibe thaulo pafupi. Ndinachita ngati wachitira iwemu."

Anamukhazika pampando wouma n'kutuluka, poti lamulo linali lisanachotsedwe.

Mlendo anafika nthawi yake. Anali mayi wachikulire wamfupi, Mayi Petrakis, wa chikwama chachikulu ndi nsapato zafumbi, wooneka kuti walowa m'nyumba zambiri ndipo wanamizidwa m'nyumba zambiri. Anakana tiyi. Anayendera chipinda chogona, bafa, anawerenga mabotolo a mankhwala limodzilimodzi, ananunkhiza mpweya wa m'khitchini. Kenako anakokera mpando pafupi ndi Glenys.

"Mayi Hallam, ndione mikono yanu, mwandilola?"

Glenys anagwedeza mutu. Mayi Petrakis anakwinya juzi mbali yamanja. Banga la m'zithunzi lija linali litazilala, lasanduka lachikasu. Anakwinya mbali yamanzere, ndipo dzanja lake linaima.

Pamkonopo panali mabanga asanu, akuda bii, otupa, anayi mondondozana ndipo limodzi kuseri. Pambali pa lina khungu linali litang'ambika ngati pepala lonyowa, pomwe panadutsa mphete.

"Awa mulibe m'zithunzi," anatero mayiyo. "Awa ndi alero. Sanathe maola asanu." Anacheukira kwa Vern, amene anaima pafupi ndi chitofu, manja kumbuyo. "Bambo Hallam, ndinauzidwa kuti simukuwakhudza. Lero mwawagwira?"

"Ndawagwira."

"Pamkono apa?"

Vern anayang'ana mwana wake. Bronwyn anali ataima pawindo, nkhope ili mbuu, maso pansi. Mawu amodzi okha akanakwana. Koma mkuluyu ankadziwa kulemera kwa dzina limene analisenza masabata atatu, ndipo pakamwa pake panakana kulisenzetsa mwana amene anamubereka yekha. 

Mayi Petrakis anadikira, kenako anatsegula cholembera n'kuyamba kulemba. M'chipindamo munkamveka cholemberacho ndi mphika basi. Analemba mzere woyamba, wachiwiri.

"Zikatere sindingadikire za ku Canberra," anatero osakweza mutu. "Ndiyenera kuwachotsa lero lomwe."

Bronwyn anachoka pawindo paja. Anagwada pafupi ndi mayi ake, anatambasula dzanja lake lamanja, n'kuliika pamabanga paja mosamala, chala chilichonse pabanga lake, chala chachikulu kuseri, mphete pomwe panang'ambika. Zinakwanirana ngati chivundikiro ndi poto wake.

"Ndi ine," anatero. "Amandipulumuka m'bafa. Sindinafinye kwambiri, ndikulumbira, ndimangofuna asagwe. Adadi ndi amene anawadzutsa, ndi thaulo. Zala zawo sizinafike pamkono apa."

Mayi Petrakis anayang'ana dzanja lija, anayang'ana mabanga. Kenako anati, "Bambo Hallam, tandionetsani manja anu."

Vern anawatulutsa kumbuyo kuja. Anali aakulu, oti limodzi likanaphimba mabanga onse asanu n'kutsalako. Mayiyo anawagwira, anasisita zikhatho ndi chala, n'kukweza nsidze. Ming'alu inali itatseka, patangotsala timizere tofiirira. Khungu linali lofewa tofutofu.

"Mwana wanu analemba kuti manja anu ali ngati tupa."

"Analemba zoona. Anali choncho. Ndi amene ankawakala ndikamawadzoza. Ndinayenera kupita kukatenga ubweya kalekale, koma ndinkachita manyazi kuti ine wometa nkhosa manja andikanika."

"Ubweya?"

"Fungo mukulimvalo."

Mayiyo anatsala pang'ono kumwetulira, koma anadzigwira. Anatembenuzira mpando wake kwa Glenys, mawondo awo n'kuyandikana.

"Mayi Hallam, aliyense walankhula kupatula inu. Ndiuzeni za amuna anuwa. Sindikuthamangira kulikonse."

Glenys anameza malovu. Mlomo unakokeka mbali imodzi.

"Vern... a... ama..."

"Akufuna kunena kuti..." Bronwyn anayamba. Vern sanakuwe ulendo uno. Anangokweza chala chimodzi. Bronwyn anadziluma mlomo.

Anadikira. Nkhuni inathetheka m'chitofu. Panja galimoto ya nkhosa inadutsa, phokoso lake n'kukazimiririka kutali. Thukuta linatuluka pamphumi pa Glenys. Kudikira kwake kunali kwautali, koti munthu wachangu akanadzuka kawiri.

"Ama... ndi... dzoza." Anapuma. Dzanja lamanzere linagwira mkono wa mpando. "Ama... ndi... phikira." Anapumanso, nthawi yaitali kuposa poyamba, n'kuyang'ana mwana wake m'maso. "Sindi... pita. Kwathu... ndi... kuno."

Mayi Petrakis analemba mawu amenewo monga anatulukira. Anakhala ola lina lathunthu, akufunsa za mapiritsi, za kasambitsidwe, za amene angathandize Vern akadwala. Pomaliza anatseka chikwama.

"Mayiwa akhala pano, poti anena okha ndipo akudziwa chimene akunena. Nditumiza namwino kawiri pa sabata, aziona khunguli, komanso tiika zogwirira kubafa. Inu bambo, mwakalamba, musamakane thandizo. Koma dziwani kuti dandaulo likalembedwa silifufutidwa. Ndilemba pansi pake zimene ndapeza, koma likhalabe m'faelo, ndi dzina lanu."

"Likhale," anatero Vern. "Faelo sipita kubutchala."

Galimoto ya mlendo itatuluka pachipata, Bronwyn anaima pakati pa khitchini, manja ali lende, misozi ikungoyenderera.

"Adadi, pepani."

Vern anavundukula mphika, anathiramo dzungu lija, anatakasa kamodzi n'kuvundikiranso. Fungo linadzaza nyumba yonse, ndipo pawindo paja Glenys anatukula mutu.

"Pepani wakoyo ndamumva," anatero. "Koma muno mulibe amene amakhulupirira bodzalo, kupatula iwe. Loweruka m'mawa, nthawi imene kubutchala kumadzaza, ukanene kumeneko. Ukanenenso kogulitsira mankhwala, pakauntala pomwe paja, mokweza ngati mmene unafunsira. Pobwera udzere kwa Athol."

"Ndipita."

"Ena sakakukhulupirira. Adzati mwana akubisa za bambo ake. Zimenezo ndifa nazo. Koma upite ndithu."

Anatenga chidutswa cha ubweya chimene chinkafunda pambali pa chitofu, anaching'amba pakati, theka n'kumupatsa mwana wake.

"Vula mpheteyo. Kanya mpaka manja atenthe. Iwe utenge mkono wamanja, ine wamanzere. Osakhula, kungosisita, kutsata kumene khungu likupita."

Anagwada onse awiri, wina uku wina uku. Dzanja la Vern litafika pakhungu la mkazi wake, koyamba m'masabata atatu, Glenys anatseka maso n'kutulutsa mpweya wautali. Dzanja lodzikanda lija linagona phee pabulangete.

Patapita nthawi Bronwyn anapukuta mphuno ndi phewa n'kuyang'ana kuchitofu.

"Amami ali ndi njala. Ndiwapakulire?"

"Nyama sinapse."

"Chiiterekereni m'mawa muja?"

"Kwatsala ola limodzi," anatero Vern. "Khala pansi, Bron. Udikire."